Musanajambulitse pa St Michael's, dziwani kaye amene anaumba njerwazo

Loweruka lililonse pa Mishoni ya Blantyre pamakhala piringupiringu wa zithunzi. Akwati ndi aperekezi awo, ana a sukulu atavala magauni, atsikana a TikTok akusinthira nsapato kuseri kwa mtengo, onse amafuna khoma lomwelo la njerwa zofiira likhale kumbuyo kwawo. Palibe cholakwa pamenepo. Koma tafunsani mmodzi mwa iwo kuti tchalitchichi chinamangidwa liti, nanga anamanga ndani, muona akungoseka. Ndiye tiyeni tikambirane pang'ono za nyumba zopempherera zakale za mu mzinda muno, komanso mmene mungaziyendere osachita manyazi.

Mzinda wa Blantyre unayambira pa Mishoni pomwepo. Mu Okutobala 1876, amishoni a Church of Scotland anafika m'dera la mfumu Kapeni motsogozedwa ndi Henry Henderson, yemwe anayenda ndi womasulira wake Tom Bokwito posaka malowo. Anawatcha Blantyre potengera tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Sukulu ya HHI ija, dzina lake lonse ndi Henry Henderson Institute, ndipo ndi Henderson yemweyu.

Zaka zoyambirira sizinali zokoma, ndipo izi sizikambidwa kawirikawiri pa zikondwerero. Amishoni oyamba anadzisandutsa boma: ankaweruza okha milandu, kukwapula anthu, mpaka munthu wina anawomberedwa ndi mfuti atamuweruza iwo eni. Nkhani itamveka ku Britain kunali phokoso, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, anachotsedwa. Amene anabwera kudzakonza zinthu ndi mbusa David Clement Scott.

Scott ndi amene anatsogolera ntchito yomanga St Michael and All Angels, kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo anachitsegulira pa 10 Meyi 1891. Chodabwitsa n'chakuti bamboyu sanaphunzirepo zomangamanga, komanso panalibe pulani yojambulidwa pa pepala monga timachitira lero. Amisiri ake anali anthu akuda a konkuno, amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Njerwa ankaziumba pomwepo ndi dothi la pomwepo, n'kuziwotcha ndi nkhuni. Ndipo sizinali njerwa za mtundu umodzi ayi. Pakhoma limenelo pali mitundu 81 ya njerwa, iliyonse ndi chikombole chake chosema pa mtengo: zina zopindika, zina zosongoka, zina zokhala ngati maluwa. Asanaike matope ankayamba ayala kaye njerwazo zouma kuti aone ngati zikhale, zikakana n'kuphwasula, n'kuyesanso. Mukadzapitako, m'malo mongoima patali kuti nyumba yonse ikwane mu foni, sendererani pafupi muyang'ane m'mphepete mwa zitseko ndi mazenera. Mudzaona kuti zokongoletsa zonsezo si simenti kapena pulasitala, ndi njerwa zokhazokha.

M'kati si mwamukulu monga anthu amaganizira. M'litali ndi pafupifupi mamita 32, m'lifupi pafupifupi mamita 9. Mpingo wa lero sungakwanemo wonse, n'chifukwa chake pambali pake anamangapo holo yaikulu. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti dzina la Scott aliyense wowerenga mbiri amalidziwa, koma amene anaponda dothi, kusenza nkhuni ndi kukwera pamwamba pa nsanjazo, mabuku ambiri amangowatchula kuti antchito, basi. Pamenepo mwina pali agogo a agogo anu a ku Ndirande kapena kwa Kapeni.

Komabe mayina ena a anthu athu a pa Mishoni anasungika. Inu okonda zithunzi, dziwani Mungo Murray Chisuse: ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa Mishoni pomwepo ndipo anali mmodzi mwa Amalawi oyambirira kujambula ndi kamera. Zithunzi zina za John Chilembwe zimene timaziona lero anajambula ndi iyeyo. Panalinso John Gray Kufa, wothandiza za chipatala, amene anaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 chifukwa cha kuukira kwa Chilembwe. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Scott mwiniwake anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, imene inadzakhala maziko a madikishonale ena a Chinyanja. Dzina loti CCAP linabwera pambuyo, mu 1924, pamene Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926.

Kufikako n'kosavuta. Kuchokera pa depoti ya Wenela ndi ulendo wa pansi, simufunika ndi kabaza yomwe. Ngati cholinga chanu ndi kuona nyumbayo bwinobwino, pitani pakati pa sabata. Lamlungu ndi tsiku la mapemphero, Loweruka kumachuluka maukwati, ndipo nthawi zina mungapeze mwambo wa maliro. Mukaona amayi a Mvano atavala yunifolomu ndipo nkhope zili zakugwa, foni ibwerere m'thumba. Yambani mwadzera ku ofesi, perekani moni, nenani chimene mwabwerera. Akakuuzani kuti pali kandalama ka zithunzi kapena ka chitukuko, musanyinyirike. Denga ndi mazenera a nyumba ya zaka zoposa 130 sizidzikonza zokha. Ndipo chonde, abale, zolemba mayina pakhoma ndi kiyi kapena msomali zija tisiye. Njerwa yakale ndi yofewa, ukaikanda yakandika mpaka kalekale, ndipo chikombole chake sichigulidwa mu hadiweya. Pajatu tchalitchichi chili m'gulu la zipilala za dziko zotetezedwa ndi lamulo.

Mukatsika kulowa m'tauni mupeza St Paul's Cathedral ya Angilikani, likulu la dayosizi ya Southern Malawi. Anthu ambiri amangoidutsa pothamangira ku mabanki. Angilikani ndi amene anayamba kufika kuno Asikotishi asanabwere: Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, koma anamwalira ndi malungo chaka chotsatira ndipo ntchitoyo inasokonekera. Mukakhala ndi nthawi, dzeraninso ku Mandala House, yomangidwa mu 1882. Si tchalitchi, inali ya kampani ya African Lakes, koma eni ake anali Asikotishi omwewo oyenda limodzi ndi amishoni, ndipo ndi yakale kuposa St Michael's.

Akatolika anabwera mochedwerapo ku chigawo chino. Ansembe a Montfort anayambira ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, kenako n'kumatsika kum'mwera. Mu Blantyre muli parishi imene aliyense amangoitcha CI, koma mpando wa arkibishopu uli ku Limbe Cathedral, dzina lake lenileni Our Lady of Wisdom. Kwerani minibasi ya ku Limbe kudzera mu Chipembere Highway. Kwa inu obadwa m'ma 2000, nayi nkhani yoti mudziwe musanalowemo. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, yodzudzula umphawi, kupondereza ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Arkibishopu wa Blantyre pa nthawiyo anali James Chiona. Boma linati kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, maepiskopi anaitanidwa ku polisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira kunachitika riferendamu, mu 1994 chisankho cha zipani zambiri. Ufulu umene mumatukwanira nawo andale pa Facebook unadutsira pa maguwa ngati limenelo. Polowa m'tchalitchi cha Katolika mudzaona kanyali koyaka pafupi ndi guwa. Kakusonyeza kuti Ukaristia ulipo, ndiye pamenepo si pocheza kapena kupanga vidiyo yovina. Amuna vulani zipewa.

Tsono tisamachite ngati mbiri ya mzinda uno ndi ya Akhristu okha. Chisilamu chinafika m'dziko muno amishoni asanabwere, kudzera mwa amalonda a Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota, kenako chinazika mizu pakati pa Ayao. Amwenye atayamba kutsegula masitolo mu Blantyre ndi Limbe nthawi ya atsamunda, anamanga mizikiti yawo, ndipo Ahindu anamanga kachisi wawo m'tauni momwemo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukachitira malonda m'mizinda, zimene zinawonjezera chiwerengero chawo kuno. N'chifukwa chake mu Limbe mumamva azana kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi, kwinaku kwaya ikuyeserera nyimbo kuseri kwa msewu.

Ambiri amene si Asilamu amaopa kuyandikira mzikiti, poganiza kuti awathamangitsa. Nkhani ndi kupempha basi. Funsani pa geti kuti mukufuna kuonana ndi shehe kapena woyang'anira, ndipo iwo ndi amene anganene ngati mungalowe ndi pamene mungafike. Nsapato zimatsala pakhomo. Akazi valani zofika m'mapazi ndi mpango kumutu, ndipo dziwani kuti amuna ndi akazi amaswali malo osiyana. Amuna, kabudula ayi. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali, ndipo musamujambule. Mipope imene mudzaione panja ija ndi yosambira m'manja, kumaso ndi m'mapazi asanayambe swala, si yotsukira nsapato zanu zafumbi. Ku kachisi wa Ahindu nakonso nsapato zimavulidwa, ndipo mafano a mkatimo ndi opatulika kwa eni ake, choncho funsani musanaloze kamera. Nyengo ya Diwali, imene imagwa mu Okutobala kapena Novembala, ndi pamene kumawala nyali zambiri, ndipo makombola amene mumawamva usiku nthawi imeneyo amachokera kumeneko.

Ku mzikiti pewani Lachisanu masana ngati mukungopita kukaona. Imeneyo ndi nthawi ya Ijumaa, masitolo ambiri mu Limbe amatsekedwa kwa kanthawi, ndipo pakhomo pamadzaza nsapato moti ngakhale poponda simupapeza. Pitani tsiku lina cha m'ma 10 koloko m'mawa, swala ya masana isanakwane, pamene woyang'anira ali ndi mpata wocheza nanu.