Kuyesa Kulimba kwa Pulasitiki

Mayi akafuna kudziwa ngati dzungu lakhwima, amalitsina ndi chikhadabo, naona kuzama kwa potsinidwapo. Nzeru yomweyi ndiyo imene akatswiri atsata poyesa pulasitiki.

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo pulasitiki iri ponse-ponse: m'machubu a mbande, m'mipope ya madzi, ndi m'jombo za othyola tiyi. Mpope ukaphulika m'chilimwe mbande zifota. Chotero kuyesa sikuli kwa chabe.

M'chaka cha 1900 Johan Brinell wa ku Sweden anakanikiza kampira kachitsulo pa zitsulo zina, nayesa kukula kwa kadzenje kotsalapo. Pambuyo pake Albert Shore anapanga durometer, chipangizo choyesera labala ndi pulasitiki. Chiri ndi kansonga kokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo manambala ake ayambira pa 0 kulekeza 100. Kansongako kakalowa pang'ono, nambala ikwera. M'chaka cha 1992 Oliver ndi Pharr analongosola njira yowerengera kulimba pa kamalo kochepetsetsa, kosaoneka ndi maso, pokanikiza nsonga ya dayamondi.

Koma pulasitiki iri ndi khalidwe lake-lake. Katundu akakhalitsa pamenepo kadzenje kamka kazama. Akachotsedwa, kafwanthukanso pang'ono. Kutenthanso kuifewetsa. Nchifukwa chake woyesa ayenera kulemba nthawi ndi kutentha komwe.

Tsono inu aphunzitsi a mawa, patsani ana sopo, kandulo ndi chidutswa cha mpope. Aimike msomali pa chiri chonse, ausenzetse mwala umodzi-modzi womwewo, awerenge kufikira 15, nalinganize maenjewo. Kenaka ayesenso zitakhala padzuwa, nanene okha chimene chasintha.