Masanje a pamchenga ndi masewera a ku mkombaphala

Mwana wa ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chipoka m'boma la Salima asanayambe sitandade 1 amakhala ndi mabwalo awiri osewerera. Loyamba ndi la pamchenga, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, kumene ana amasonkhana okha popanda wamkulu wowaitana. Lachiwiri ndi sukulu ya mkombaphala, kumene mlezi amawalandira m'mawa, kuwaimbitsa, kuwaseweretsa, kenako n'kuwagawira phala. Amene akuphunzira ntchito yolera ana ayenera kuwadziwa bwino mabwalo onsewa, ndipo muyeso wake wabwino ndi mwana waulumali: wosamva, wosayenda, wosaona bwino, wodwala khunyu. Kodi iyeyu amapezamo malo otani?

Ana otere si ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali, ndipo anawerenga anthu achialubino oposa 134,000. Kunyanja kuno malungo ndi ochuluka, ndipo ena mwa ana amene apulumuka malungo a muubongo amatsala ndi khunyu, vuto la kulankhula kapena ziwalo zofooka. Ndiye kuti mlezi wa ku Salima adzakumana naye ndithu mwana wotere, kaya anamukonzekera kaya ayi.

Mphamvu ya bwalo la pamchenga ndi kuchuluka kwa masewera ake, pakuti alionse amafuna luso lakelake. Phada amaseweredwa chokhala pansi. Ukaponya mwala m'mwamba, dzanja lomwelo litulutse timiyala m'kadzenje n'kuwakha uja asanagwe. Mtsikana amene miyendo yake siyenda sasiyana ndi mnzake aliyense pamenepa, ndipo akhoza kuwagonjetsa onse mpaka dzuwa kulowa. Fulaye amafuna maso ndi changu chozinda mpira, choncho mwana wosamva amatha kukhala katswiri amene magulu amamulimbirana. Kuumba ng'ombe zadothi ndi kupinda galimoto zamawaya n'zamanja ndi mutu. Ana sachita kukhalira msonkhano kuti asinthe malamulo. Mumangomva wina akuti, "Uyu tisamamuponyere mwamphamvu," basi lamulo lasintha.

Koma pachimake pa zonse ndi masanje. M'masanje muli mudzi wathunthu: amayi, abambo, agogo, amfumu, wopita kunyanja ndi bwato la khungwa, wogulitsa usipa wa masamba pamsika. Mwana wa zaka zitatu amasewera ndi wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo wamng'onoyo amatola mawu, kuwerenga ndalama za zitsekerero za mabotolo, kudikira nthawi yake, kukangana ndi kugwirizananso. Katswiri wa ku Russia, Lev Vygotsky, ankaphunzitsa kuti chimene mwana akuchita lero mothandizidwa ndi womuposa, mawa adzachichita yekha. Pamchenga izi zimachitika tsiku ndi tsiku popanda wolipidwa.

Tisalikometsere bwaloli mopitirira, chifukwa lilinso ndi nkhanza zake. Yang'anitsitsani amene amagawa maudindo m'masanje. Mwana wolankhula movutikira kawirikawiri amamupatsa ukhanda, agone pansalu osanena kanthu, kapena amamusandutsa galu kaya fisi woti azimuthamangitsa. Ali nawo m'masewera, inde, koma udindo wake ndi womwewo lero, mawa ndi mkuja, ndipo sumupatsa mpata woyankhula kapena kulamula. Njinga ya mwana wosayenda imatitimira mumchenga, ndipo anzake akathamangira kumadzi iye amatsala pamene anamusiya. Mwana wachialubino sangapirire dzuwa la masana a mu Okutobala pagombe, ndipo chiyambire nkhanza zimene zinakula cha mu 2014, makolo ambiri amaopa kumulola kupita kutali ndi khomo. Wakhunyu ndiye ali pakati pa zoopsa ziwiri, moto wophikira masanje ndi madzi a m'nyanja, kuwonjezera pa bodza lakale loti khunyu ndi lopatsirana, limene limachititsa anzake kuthawa m'malo momugoneka chammbali. Pamchenga palibe amene ali ndi udindo wofunsa kuti, "Nanga uje lero ali kuti?"

Funso limeneli ndiye chuma cha mkombaphala. Kumeneko kuli wamkulu, kuli kaundula wa mayina, kuli mthunzi, ndipo phala limakoka ngakhale mwana amene makolo ake akanamubisa m'nyumba. Mlezi watcheru ndiye amayamba kuzindikira kuti mwana uyu satembenuka akaitanidwa chakumbuyo, kapena kuti uyo amayandikizitsa chinthu kumaso kuti achione, n'kulangiza makolo kupita naye kuchipatala nthawi isanathe. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono mu 2003, ndipo sukuluzi zafalikira m'midzi yambiri, zikuyendetsedwa ndi makomiti a makolo ndi alezi amene ambiri mwa iwo amagwira ntchito mongodzipereka. Dziko lathu linavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, limene gawo 31 limanena za ufulu wosewera, ndi pangano la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, limene gawo 30 limati ana aulumali akhale ndi mwayi wosewera wofanana ndi anzawo. Papepala, khomo ndi lotsekula.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zochitika mwana akalowa pakhomopo. Mlezi mmodzi akakhala ndi ana ochuluka ndi zoseweretsa zochepa, njira yachidule ndi kuwakhazika pamkeka kuti azibwereza pamodzi: masiku a pasabata, miyezi ya pachaka, zilembo, nyimbo. Makolonso ndi zimene amafuna kumva mwana akabwerera kunyumba. Koma zonsezi zimadutsa m'khutu ndi pakamwa. Mwana wosamva uja, katswiri wa fulaye, pano amangoyang'ana milomo ya anzake. Wochedwa kugwira zinthu amatsalira mzere woyamba womwe. Wosayenda amamukhazika pakona mwachikondi, kuti anzake angamuponde, ndipo amakhala pomwepo mpaka nthawi ya phala. Mu 1932 Mildred Parten wa ku America anasiyanitsa mwana wongoonerera anzake, wosewera pambali pawo, ndi wosewera nawo limodzi pa cholinga chimodzi. Kaundula amawalemba onse atatu kuti abwera. Ntchito ya mlezi ndi kudziwa kuti mwana wakeyo ali pati mwa atatuwa.

Tikaika mabwalo awiriwa pamodzi, tiona kuti la pamchenga lili ndi masewera enieni koma lilibe woyang'anira wotsalira, pamene la ku mkombaphala lili ndi woyang'anira koma nthawi zambiri masewera ake ndi owonda. Ine ndimaona kuti chosavuta kukonza ndi chachiwirichi. Gombe simungaliikire mlezi, koma masanje mukhoza kuwalowetsa pabwalo la sukulu, ndipo safuna ndalama.

Tiyerekeze mlezi amene wakonza msika pansi pa mtengo wa mango. Wayala mkeka pamalo olimba pamene njinga ingafike, waika milu ya masamba ngati usipa, zigoba za nkhono ngati ndalama. Mnyamata wosayenda wamuika kukhala mwini sitolo, choncho aliyense wofuna kugula ayenera kubwera kwa iye, kumupatsa moni, kunenerera mtengo, kudikira chenji. Mtsikana wolankhula movutikira lero ndi amayi otuma ana, ndipo mlezi wauza enawo kuti, "Tiyeni timudikire amalize." Mumpira wachikulunga waikamo kachitini ka timiyala kuti wosaona aziutsatira ndi khutu. Poyambitsa mpikisano amakweza nsalu m'malo mongokuwa, ndipo ana onse aphunzira zizindikiro zingapo za manja, za madzi, phala, bwera, dikira. Masewera othamanga amachitika m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo popeza onse amakhala pamthunzi, wachialubino ndi chipewa chake saoneka wopatulidwa. Zonse zikayamba kuyenda, mlezi amabwerera m'mbuyo n'kungoyang'ana. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amavutika, chifukwa mtima wachifundo umafuna kumuchitira mwana chilichonse, pamene mwana amene wamkulu wamukakamira pambali anzake samuyandikira.

Pali ana ena amene amafunikadi thandizo la akatswiri, monga la kusukulu ya ana osamva ya ku Mua, m'boma la Dedza loyandikana nafe, kapena la aphunzitsi ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mabungwe oona za anthu aulumali ngati PODCAM ndi APAM ndi oyenera kuti mlezi awadziwe, kuti athe kulozera makolo kolowera. Koma thandizo lotere limabwera mochedwa ndipo silifikira aliyense, pamene zaka zoyambirira, zimene ubongo umakula mofulumira koposa, mwana amazithera m'mudzi mwake pakati pa anzake.

Anzakewo nawonso amapindula. Mwana amene waphunzira kudikira mnzake wachibwibwi, kapena waona mlezi akugoneka wakhunyu chammbali modekha, osamuika kanthu m'kamwa, amapita nazo zimenezi kugombe masana, kumene mlezi kulibe. N'chifukwa chake ndingalangize wophunzira aliyense wa ntchitoyi kuti pa masiku ake oyeserera asathere m'kalasi mokha. Akaweruka apemphe chilolezo kwa makolo, akakhale chapatali pamene ana akusewera, ndipo alembe zinthu zitatu: amene akugawa maudindo, amene amalandira udindo womwewo tsiku lililonse, ndi amene sanatuluke n'komwe m'nyumba.