Zinyalala za Ndege Nazo Zili ndi Cuma

Munthu woyenda pa mseu waukulu pakati pa Nyimba ndi Petauke amaona matumba a makala ali ndandanda m'mphepete. Luso la wootcha makala, lofotsera nkhuni ndi dothi kuti mpweya usalowe, ndilonso akatswiri a ku Ulaya atengera pofuna kupulumutsa cuma cotayika m'zidutswa za ndege.

Ndege zamakono sizimangidwa ndi citsulo cokha ai. Pafupifupi theka la kulemera kwa Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, ndi ulusi wakuda wa kaboni, woonda kuposa tsitsi, womatidwa ndi ulimbo wochedwa epokisi. Zinthu ziwirizi zikagwirana zimalimba ngati citsulo koma zili zopepuka. Bvuto lace nlakuti ulimbowo ukauma susungunukanso monga icitira ndowa ya pulasitiki, motero zidutswa zotsala m'mafakitale zakhala zikungokwiriridwa pansi.

Mu 2018 kampani ya Boeing inapangana ndi fakitale ya ELG Carbon Fibre ya ku Coseley, ku Britain, kuti iziitumizira zidutswazo. Kumeneko zinali kulowa m'ng'anjo yocepa mpweya, yotentha madigiri pafupifupi 500. Ulimbo umauluka ngati utsi, ulusi nutsala. Ulusiwo umakhala waufupi, sungabwerere ku phiko la ndege, koma umagwira nchito m'ziwiya za galimoto ndi za makompyuta.

Komatu ulimbo woulukawo si wacabe. Ucokera ku mafuta a pansi, ndipo ndiwo gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konse, kapena kuposerapo. Anthu a ku Sasare, kumene golide anakumbidwa kuyambira masiku a atsamunda, adziwa bwino kuti mulu umene wina anautaya ungathe kusefedwanso.

Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Aarhus, ku Denmark, analengeza njira yopanda ng'anjo. Anabviika cidutswa ca phiko la makina opanga magetsi ndi mphepo m'mankhwala otentha okhala ndi mtundu wa citsulo wochedwa ruthenium. Patapita masiku angapo ulimbo unamasuka, ulusi unatuluka wosaonongeka, ndipo anapezanso bisphenol A, mankhwala amene epokisi watsopano amapangidwa nao.

Cotsala ndi mtengo. Ruthenium ndi wosowa kwambiri, ndipo woculuka amakumbidwa pamodzi ndi platinum ku South Africa. Kumasula kacidutswa m'botolo nkwina, kumasula phiko lathunthu la ndege nkwinanso.