Chingwe cha katani chimapha mwana mwakachetechete

Nyumba zamalata zikuchuluka ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo ndalama za mbatata kapena fodya zikalowa, ambiri amagulako makatani a pawindo. Ena mwa makataniwa, amene m'masitolo a ku Tete amawatchula kuti persiana, amatsegulidwa pokoka chingwe kapena katcheni kolendewera m'mbali. Chingwe chimenechi chapha ana ku Ulaya ndi ku America, moti kuyambira mu 2014 ku Britain makatani otere amayenera kugulitsidwa ali ndi kachipangizo kotetezera ana. Akale, ogula pa kaunjika, kawirikawiri alibe.

Ana amene ali pangozi kwambiri ndi a chaka chimodzi mpaka zitatu, omwe angodziwa kumene kuyenda ndi kukwera pazinthu. Mwana wa msinkhu umenewu mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, ndipo kholingo lake n'lanthete. Akalowetsa mutu m'chingwe chopindika n'kuterereka, zimachitika monga momwe khwekhwe amagwirira nkhanga: kulemera kwa thupi lake lomwe n'kumene kumamangitsa chingwecho. Mpweya umatsekeka, magazi safika bwino ku ubongo, mwana amakomoka pasanathe mphindi imodzi. Sangalire n'komwe. Mayi amene akutsuka mbale pakhonde sangamve kanthu.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Chingwe chopachikira chitenje chodulira chipinda, choyanikira zovala m'nyumba nthawi ya mvula, waya wa sola kapena wa chaja ya foni, ngakhalenso kankhosi kamene ena amamangira mwana m'khosi, zonsezi zingachite chimodzimodzi. Zingwe za neti nazonso, koma neti musaichotse ayi, malungo ndi amene amapha ana ambiri kuno. Ingodulani zingwe zotsalira pomanga.

Chingwe chilichonse chikhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, cha m'phewa mwa munthu wamkulu. Khomani msomali m'mwamba n'kumakulungapo chingwecho nthawi iliyonse mukatsegula katani. Komabe msomali suthandiza ngati mwana ali ndi pokwera. Bedi, mpando ndi matumba a chimanga amene timasanja m'nyumba tikakolola zisakhale pansi pa windo. Ana okulirapo amene amatsala ndi ang'ono awo makolo akapita kudimba awuzidwe kuti masewera omangana chingwe m'khosi, oyerekeza mbuzi kapena ng'ombe ya pangolo, ndi oletsedwa.

Mukapeza mwana atakoledwa, munyamuleni kaye kuti chingwe chikhwefuke, kenako chichotseni kapena chiduleni. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mumuuzire mpweya m'kamwa ndi kumudina pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akusaka njinga yamoto. Ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kusewera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pakhosi pamatha kutupa m'kati patapita maola angapo.