Magomero: njira yosayendedwa imamera udzu

Ku Ireland, m'chigwa cha Glendalough, muli mabwinja a mudzi wa amonke umene Kevin Woyera adayambitsa zaka zoposa 1,400 zapitazo. Alendo amakhamukirako kukayenda wapansi, ndipo amalonda amapha makwacha.

Nanga ife? Mu 1859 Livingstone adafika kunyanja ya Chilwa, komwe mtsinje wa Likangala umathira. Mu 1861 Bishopu Mackenzie adakhazikitsa mishoni ya UMCA ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pamodzi ndi anthu owomboledwa ku ukapolo. Wansembe wake Burrup, yemwe adamwalira mu 1862, adaikidwa pompo.

Koma ndi ophunzira angati a ku Zomba adapondako? Abale, tikapanda kuyambako ife eni, mlendo adzalondoleredwa ndi yani?