Nyumba Yofunda M'nyengo ya Chiperoni

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata kuno ku Thyolo m'miyezi ya June ndi July adziwa kuti bulangete limodzi silikwanira. Chiperoni chikafika kuchokera ku Mozambique, chifunga chimakuta minda ya tiyi masiku atatu kapena anayi, ndipo m'bandakucha madzi amayamba kudontha kuchokera kudenga ngakhale malata ali osabooka. Chaka changa choyamba cha uphunzitsi kuno ndinakwera padenga kawiri konse kufunafuna chibowo. Panalibe.

Madzi amenewo ngochokera m'nyumba momwemo. Popuma ndi pophika timatulutsa chinyezi, ndipo chikakhudza lata lozizira chimasanduka mame, monga zichitira pabotolo la madzi ozizira. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, koma lata silisunga kutentha. Limangokupereka kunja usiku wonse. M'mwezi wa October lata lomwelo limasandutsa chipinda kukhala ng'anjo. Makolo athu ndi denga lao laudzu sanaone vuto lotere, chinthu chimene ife ophunzira sitikonda kuvomereza.

Mankhwala ake ndi siling'i, ndipo sikuti mpaka mugule mabolodi a kusitolo. Ine ndinapingasa nsungwi pamwamba pa zipupa, ndi kuyalapo mphasa ziwiriziwiri zosanjikiza. Chofunditsa si mphasa kwenikweni ai, koma mpweya wodekha wotsekeredwa pakati pa mphasa ndi malata, pakuti mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga. Muzigwedeza mphasazo nthawi ndi nthawi, chifukwa makoswe nawonso amakonda pofunda.

Kenaka funani polowera mphepo. Usiku wamphepo yendani ndi kandulo m'mbali mwa zipupa. Pamene lawi lapendama, pali mpata. Waukulu umakhala pakati pa mutu wa chipupa ndi malata, ndipo zidutswa za njerwa ndi dothi zimautseka bwino. Ming'alu imatidwe, ndipo kunsi kwa chitseko mukhomere chiguduli chopinda. Amene ali m'nyumba za kampani, monga ku Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba, ayambe apempha chilolezo asanakhome kanthu.

Tsono apa ndipo pagona nkhani. Nyumba ikatsekeka bwino, mbaula ya makala imasanduka mdani woopsa koposa kale. Makala oyaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo suoneka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, nayesa ndi kutopa chabe, nagona tulo tosadzuka nato. Kale mipata ija inkatipulumutsa ife osadziwa. Choncho musatseke ponse: timabowo ta mpweya timene amisiri amasiya pamwamba pa mazenera tikhale totsegula, ngakhale ambiri amatitseka ndi nsanza kukazizira. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Mukaona wina wafooka chotere, mutulutsireni panja msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Ofuna kufunditsa pogona atenthe njerwa pamoto kukhitchini, aikulunge m'nsanza zokhuthala, aiike kumapazi.

Pali phindu linanso. Makampani a tiyi ali ndi minda yao ya bulugama youmitsira masamba m'fakitale, koma banja wamba limagula mtolo uliwonse wa nkhuni, ndipo nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha tikuona. Nyumba yosataya kutentha siifuna moto wootha usiku wonse. Pophika, Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Inu amene mwangotsiriza Fomu 4 ndipo mukudikira ntchito, yambani ndi chipinda cha agogo anu July asanafike. Changa chinandidyera mphasa zisanu ndi imodzi, nsungwi khumi ndi Loweruka awiri, ndipo makope a ana asukulu amene ndimasiya patebulo sakunyowanso.