Milatho Yoposa Inzake ndi Sitima Zoyamba Kuwolokera mu Kompyuta

Mlatho wautali kuposa yonse padziko lapansi ndi wa Danyang–Kunshan ku China, wa makilomita 164.8, umene unatsegulidwa mu 2011 pa njanji ya pakati pa Beijing ndi Shanghai. Pa milatho yolenjekeka pa zingwe, mfumu ndi 1915 Çanakkale wa ku Turkey: kuchoka pa nsanamira ina kukafika pa inzake pali mamita 2,023, ndipo mu 2022 unalanda mpando kwa Akashi Kaikyo wa ku Japan, wa mamita 1,991. Mlatho wa sitima wokwera kwambiri ndi wa Chenab ku India, mamita 359 pamwamba pa mtsinje.

Milatho yonseyi imapindika. Sitima ikalowa, mlatho umatsikako pang'ono, mawilo n'kutsika nawo, bogi n'kugwedera, kugwederako n'kubwereranso ku mlatho. N'chifukwa chake masiku ano mainjiniya amayamba amanga mlatho ndi sitima mu kompyuta, n'kuiwolotsa mobwerezabwereza pa liwiro losiyanasiyana, mphepo ikuwomba, simenti isanathiridwe n'komwe. Nzeruyi inayamba ndi maliro. Mu 1847 mlatho wa pa mtsinje wa Dee ku Chester unagwa sitima ili pamwamba, anthu 5 n'kufa, ndipo akatswiri Robert Willis ndi George Stokes anakhala m'gulu la oyamba kuwerengera zomwe katundu woyenda amachita pa chitsulo.

Koma imene ine imandichititsa chidwi kwambiri ndi milatho yaifupi, yosatchuka, chifukwa ndi imene inasautsa akatswiri kuposa zimphonazi. Njanji ya sitima zothamanga kwambiri za TGV ya Paris–Lyon itatsegulidwa mu 1981, milatho ina yaying'ono inayamba kunjenjemera mpaka miyala ya pansi pa njanji kusuntha. Mawilo ankagunda motsatizana mogwirizana ndi kugwedera kwa milathoyo, ngati munthu wokankha mwana pa katungwe pa nthawi yake yeniyeni, katungweyo n'kumakwererakwerera. Lero malamulo a zomangamanga a ku Ulaya amafuna kuti milatho yambiri ya sitima zopitirira makilomita 200 pa ola iwerengeredwe kagwedezekedwe kake isanamangidwe.

Sitima ya mawilo achitsulo yothamanga kuposa zonse ndi TGV imene inafika makilomita 574.8 pa ola pa 3 April 2007. Liwiro lotere silikhululukira mlatho wowerengeredwa mwachisawawa, ndipo kwa ine ulemu waukulu ukuyenera anthu amene amakhala pa kompyuta akuyesa milatho ya mamita 20 kapena 30.